Njerwa za Pensulo

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akuchipatala okha, poti linalembedwa pa kabuku kawo. Ena onse ankangoti a Levulo. Dzinali analipata pa ntchito. Kwa zaka makumi anayi akumanga nyumba za anthu, sankalola njerwa kukhala pakhoma asanaiyese ndi levulo, kachida koonera ngati chinthu chawongoka, ndipo khoma likapendama ngakhale pang'ono ankaligumula mwini nyumba akuona, akulira simenti yake. Ankati mzere umodzi ukalakwika, zonse zokhala pamwamba pake ndi zabodza, ngakhale zitakongola chotani. Amisiri anzawo ankawaseka kumbali, koma akafuna kumanga nyumba zawo ankaitana iwo omwewo.

Sitiroko inawapeza akumwa tiyi pakhonde Lachiwiri lina m'mawa. Kapu inagwa, mbali yonse yakumanja inangoti zii ngati ndi ya munthu wina. Potuluka m'chipatala mwendo unali wochita kukoka, ndipo dzanja lomwe linagwira chipande chomangira moyo wonse linkalephera kugwira supuni. Lilime lokha ndi lomwe linachira msanga, ndipo ana awo sanadziwe ngati athokoze kapena adandaule.

Anawo anali awiri, ndipo mayi awo anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. A Levulo sankawaitana ndi mayina, ankangoti Chisamba ndi Mzime, mpaka msewu wonse unatengera. Chisamba, mwamuna, ankagwira ntchito ya muofesi kutauni ina yakutali. Ankavala nsapato zosadziwa fumbi ndipo nkhani iliyonse ankaiyamba ndi mawu akuti "kunena zoona," makamaka akafuna kunena zopweteka. Mzime, mkazi, anali telala. Bambo ake atadwala anasamutsa makina ake osokera n'kuwaika pabalaza pawo kuti azisoka uku akuwayang'anira.

Nyumbayo inali pamalo otsetsereka, ndipo kuchokera pakhonde kufika pansi panali masitepe asanu. Anali masitepe amwano. Sitepe yabwino imatalika njerwa ziwiri, koma iwo anaika zitatuzitatu, chifukwa nthawi imeneyo anali mnyamata wa miyendo yaitali ndipo ankafulumira kulowa m'nyumba mvula isanayambe. Mkazi wawo anali wamfupi. Kwa zaka makumi atatu ankawapempha kuti awachepetse, iwo n'kumayankha kuti masitepe alibe vuto, vuto ndi miyendo yomwe mayiyo anabadwa nayo. Ankaiona ngati nthabwala yabwino kwambiri, moti ankaibwereza alendo akabwera.

Tsiku lochokera kuchipatala, amuna anayi anawanyamula pamasitepe amenewo ngati thumba la simenti. A Levulo anatseka maso mpaka pabedi chifukwa cha manyazi.

Chisamba sanachedwe. Anati, kunena zoona, munthu wotero sangakhale m'nyumba yotero. Kwake kunali chipinda chopanda sitepe ndi imodzi yomwe, chokhala ndi wailesi yakanema, ndipo m'nyumba ya bambo akeyo mukanalowa anthu a lendi. A Levulo anayankha kuti nyumba yomwe anamanga ndi manja awo adzatulukamo ali m'bokosi, osati pagalimoto ya mwana. Anakangana masana onse, Mzime akuyenda pakati pawo ndi makapu a tiyi omwe palibe anamwa. Chomwe chinawalekanitsa ndi mawu a dokotala wamafizo, yemwe anali atanena kuti munthu akamachita mafizo tsiku ndi tsiku osadumphitsa, pakatha masabata khumi ndi awiri angathe kukwera masitepe. Ndiye anamanga mfundo: pa Lamlungu lomaliza la masabata amenewo Chisamba adzabwera. Bambo akadzatsika ndi kukwera masitepe asanuwo ndi ndodo yokha, opanda wowagwira, adzakhala m'nyumba mwawo. Akadzalephera, adzakwera galimoto popanda phokoso.

Mafizowo anali papepala lokhala ndi tianthu tojambula. Kudzuka pampando n'kukhalanso kakhumi, katatu pa tsiku. Kukwera ndi kutsika pathabwa. Kufinya kampira. Kuyenda kuchokera kuchipinda kukafika pakhonde n'kubwerera. Masiku awiri oyamba anachita zonse akutukwana. Tsiku lachitatu kampira kaja anakaponya kuseri kwa wadiropu n'kutembenukira kukhoma.

Sikuti ankaopa ululu. Munthu ameneyu anadziphwanyapo chala ndi hamala n'kumaliza kaye mzere asanapite kuchipatala. Chomwe chinkawadya mtima n'chakuti ntchitoyo inali yosaoneka. Moyo wawo wonse, dzuwa likamapendeka, ankaima chapatali manja ali m'chiuno n'kuona pomwe khoma lafika. Apa munthu ankakhetsa thukuta tsiku lonse, madzulo n'kusowa choloza. Mwendo wa dzulo ndi wa lero unali womwewo, wolemera ndi wopusa.

M'mawa wa tsiku lachinayi anatuma Mzime kuti akatenge pensulo yawo yofiira, yaphwatalala, m'bokosi la zida. Anamuuza awakokere mpando pafupi ndi khoma loyang'anana ndi bedi. Mzime ataona zomwe akufuna kuchita anadandaula za penti, koma iwo anangomufunsa kuti khomalo anapaka pulasitala ndani. Anakankhira pensulo m'zala za dzanja lodwalalo, n'kulemba mzere wautali wokhotakhota. Anati amenewo ndi maziko. Kenako anaitanitsa kampira kaja, anachita zonse za papepala mpaka malaya ananyowa, ndipo madzulo anajambula njerwa imodzi pamwamba pa mazikowo. Inkaoneka ngati mbatata.

Lamulo anadziikira okha. Tsiku lomwe amaliza zonse za papepala, njerwa imodzi. Tsiku lomwe sanamalize, palibe njerwa. Sabata imodzi, mzere umodzi. Popeza sabata yoyamba anali atataya masiku, anati khoma liyambe Lolemba lotsatira, ndipo anauza Chisamba pafoni kuti masabata ake awerenge kuyambira pamenepo. Mbatata yoyamba ija anaifufuta, anati inali yoyesera dothi.

Ngakhale linali khoma la pensulo, analimanga mwa malamulo a khoma. Njerwa yapamwamba simakhala ndendende pa inzake, imakhala pakati pa ziwiri kuti iphimbe joini, ndipo imeneyo ndiye bondi yomwe imagwira khoma kuti lisang'aluke. Choncho mzere woyamba unali wa njerwa zathunthu zisanu ndi ziwiri, wachiwiri unayambira pakati pa njerwa, ndipo Lamlungu ankatseka m'mbali ndi mahafu awiri. Mzime ankawaona akuluma milomo, akulimbana ndi hafu ya njerwa ngati pali foromani amene adzabwere kudzayendera.

Zinagwira. M'mawa akangotsegula maso, choyamba kuona chinali khomalo, ndipo malo opanda njerwa kumapeto kwa mzere ankachita ngati akuwayang'ana. Sakanatha kugona nawo maso. Akamadzuka pampando, pofika kachisanu ndi chiwiri ntchafu inkayaka moto ndipo mtima unkati basi zakwana. Pamenepo ankatseka maso n'kuona njerwa ya tsikulo ili m'manja mwawo, atapaka kale matope, yolemera, yonyowa. Mmisiri sataya pansi njerwa yopaka kale matope. Ankakukuta mano n'kudzuka kachisanu ndi chitatu, kachisanu ndi chinayi, kakhumi, ndipo njerwayo inkakhala pamalo pake. Pofika mzere wachinayi njerwa zinasiya kuoneka ngati mbatata, zinayamba kukhala ndi makona.

Chisamba atamva za khomalo anayamba waseka, kenako anadzisandutsa foromani. Lamlungu lililonse ankafuna chithunzi pafoni. Anauza mlongo wake kuti akadzangoona mpata pakhomapo, ndiye kuti Bambo alephera, ndipo sadzadikiranso masabata khumi ndi awiri.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lolemba, a Levulo anadzuka ndi chifuwa ndi kutentha thupi. Masiku anayi anali chigonere, osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Lachisanu m'mawa mutu unayera. Anatembenuka monga mwa masiku onse kuti aone khoma, akuyembekezera mzere wopanda kanthu, koma anapeza njerwa zinayi zatsopano.

Zinali zokongola, zowongoka ngati zodula ndi sizasi. Ndipo iliyonse inakhala ndendende pamwamba pa inzake, joini pa joini, kuyambira m'mphepete. Ngakhale munthu wongophunzira kumene ntchito sangamange choncho. Sanafunike kufunsa kuti wamanga ndani. Mzime analowa ndi tiyi, maso ake akuzungulira paliponse kupatula kukhomako, ndipo anayamba kufotokoza zinthu zomwe sanafunsidwe, kuti achimwene anaimba dzulo atamva za matenda ndipo anafuna chithunzi pompopompo.

A Levulo anatsegula pakamwa kuti alavule moto. Kenako anatseka. Zoona zake n'zakuti mtima wawo unakhala pansi. Masiku anayi omwe ankaganiza kuti atayika anali apo, aulere, opanda thukuta. Anadziuza kuti kudwala si ulesi, kuti mwanayo anachita mwa chikondi, kuti ndi pensulo chabe. Anamwa tiyi wawo, ndipo madzulo anajambula njerwa ya Lachisanu pambali pa zinayi zija. Kugwa kwenikweni kwa a Levulo kunachitika tsiku limenelo, osati tsiku lomwe anadzagwa pasitepe pambuyo pake.

Khoma lomwe lalandira mabodza anayi silikana lachisanu. Kakhumi kaja kanasanduka kasanu ndi kawiri, kenako kasanu. Thabwa lokwerapo linayamba kukhala pansi pa bedi masiku awiri osatulutsidwa. Loweruka lina anangofinya kampira akumvera wailesi, madzulo n'kujambula njerwa yathunthu popanda manyazi. Akatseka maso pampando paja, njerwa inkabwera youma, yopepuka, yoti munthu angaiike pansi osamva kanthu. M'mawa anayamba kudzuka atayang'ana kuwadiropu. Mkwiyo wawo unapita kwa tiyi: lero wazizira, mawa watsekemera kwambiri, mkuja kapu yake si imeneyo. Mzime ankangopirira, akuganiza kuti ndi matenda. Koma Lamlungu lililonse chithunzi chinkapita, ndipo Chisamba ankayankha kuti, kunena zoona, Bambo akuchita bwino.

Kumapeto kwa sabata yachisanu ndi chitatu, Loweruka, Mzime anatuluka kukapereka diresi kwa kasitomala. A Levulo anayang'ana khoma lawo n'kuwerenga mizere, pafupifupi isanu ndi itatu. Munthu amene wanamiza anthu nthawi yaitali amayamba kudzikhulupirira yekha. Anatenga ndodo, anafika pakhonde, n'kutsitsa mwendo pa sitepe yoyamba. Bondo linangopindika ngati waya. Anagwa chokhala, ndodo inagubuduka mpaka pansi penipeni, ndipo anatsala pamenepo osatha kukwera kapena kutsika.

Anakhala maola awiri. Mayi wa nyumba yoyandikana atadutsa n'kufunsa ngati zili bwino, anamuyankha kuti akuwothera dzuwa, ngakhale kunali mitambo. Mzime atabwera anaponya chikwama pageti n'kuthamanga, anawakoka m'khwapa akulira mpaka anawafikitsa kuchipinda. Iwo sanatukwane, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa kugwako. Anangomuuza kuti abweretse beseni la madzi, sopo ndi nsanza, n'kuwakokera mpando pakhoma.

Anayambira pamwamba, monga momwe amagumulira khoma. Mzere wachisanu ndi chitatu unasanduka madzi akuda otsikira pansi.

"Bambo, mukutani?" anafunsa Mzime.

"Ndikugumula."

"Zanga ndi zinayi zokha. Fufutani zinayizo, zinazo ndi zanu."

"Zakhala pa chiyani zangazo?" anatero osatembenuka. "Iwe unanama kamodzi, chifukwa cha chisoni. Ine ndinaona tsiku lomwelo, ndinamanga pamwamba pake, ndipo ndakhala ndikunama mpaka lero. Amene wagwetsa khomali ndine."

Mzime anakhala pabedi n'kuphimba nkhope. Anati sankafuna kuti achimwene awatenge. Sankafuna kudzadutsa mumsewu muno n'kuona makatani a anthu osawadziwa, ndi mkazi wina akuphika m'khitchini ya amayi ake. A Levulo anapitiriza kupukuta. Mzere wachisanu ndi chiwiri unapita, kenako wachisanu ndi chimodzi wonse, zinayi zokongola zija pamodzi ndi zawo zomwe. Masabata atatu anathera m'beseni. Atamaliza anafinya nsanza ndi dzanja lodwalalo, n'kumuuza mofatsa kuti tsiku lina akadzafuna kubera mmisiri adzayambe waphunzira bondi. Mzime anaseka misozi ili m'maso.

Kenako anamuuza kuti ajambule chithunzi atumize. Mzime anawachonderera kuti adikire, kuti mwina achimwene asaone. Iwo anakokera mpando pambali pa khoma la mizere isanu, anawongola kolala, n'kumuuza kuti nawonso aonekemo.

Foni inalira pasanathe mphindi zisanu. Chisamba anafuna kudziwa kuti mizere itatu yapita kuti, ndipo bambo ake anamuuza zonse popanda kubisa, kupatula kuti sanatchule dzina la amene anajambula zinayi zija, ngakhale mwanayo anadziwa yekha. Chisamba anati, kunena zoona, zimenezi zikungosonyeza zomwe ankanena, ndipo Bambo asaganize kuti tsiku lisunthidwa.

"Wakupempha tsiku ndani?" anatero a Levulo. "Ubwere Lamlungu lomwe tinapangana. Ubweretse ndi masutikesi ako."

Masabata anayi otsalawo anali owawa kuposa onse. Thupi linali litazolowera kunyengereredwa, ndipo linkakana ngati bulu. A Levulo anasiya kudziwerengera okha. Anakokera mpando pakhomo la chipinda pomwe Mzime ankawaona ali pamakina, ndipo iye ndi amene ankawerenga mokweza, phazi likupalasa. Akadzuka mwatheka, Mzime sankawerenga. A Levulo ankamutukwana kuti ndi foromani woipa kuposa onse omwe anakumana nawo, koma ankabwereza. Pakhoma panatsala mthunzi wotuwa wa njerwa zofufutidwa zija, poti sopo sanachotse zonse, ndipo anakana kuti apakepo penti. Ankamanga pamwamba pa mthunziwo, njerwa imodzi pa tsiku, akuuona ukuphimbika. Akatseka maso, njerwa inayambanso kubwera yolemera, matope akudontha m'mbali.

Lamlungu lomaliza linafika. Chisamba anaimika galimoto pafupi ndi masitepe, anatsitsa masutikesi awiri opanda kanthu n'kuwaika pakhonde. Analowa kuchipinda n'kuwerenga mizere ndi chala. Inali isanu ndi inayi, ndipo wapamwambawo unasowa njerwa imodzi, ya tsikulo. Anati, kunena zoona, anapangana khumi ndi iwiri. Bambo ake anamukumbutsa kuti anapangana masitepe, osati mizere, n'kumuuza achoke panjira.

Anaima pamwamba pa masitepe, ndodo kudzanja lamanzere. Dokotala anali atawaphunzitsa kuti potsika uyambe mwendo wodwala, pokwera uyambe wabwino. Anatsitsa ndodo, kenako mwendo wakumanja. Bondo linanjenjemera koma linagwira. Mzime anali kumbuyo kwawo manja ali m'mwamba osawakhudza, Chisamba ali pansi akupukusa mutu pang'onopang'ono. Yachiwiri. Yachitatu. Pa yachinayi anaima kupuma, thukuta likulowa m'maso. Yachisanu inawafikitsa pa dothi lomwe sanaliponde ndi mapazi awo kwa miyezi yoposa itatu. Anamenya boneti ya galimoto ndi chikhatho ngati akupereka moni.

Chisamba anatsegula chitseko cha galimoto mwakachetechete, mwina poganiza kuti munthu watopa kale, bola zithere pomwepo. A Levulo anayang'ana chitsekocho, anayang'ana mwana wawo, n'kutembenuka.

Kukwera kunali nkhani ina. Sitepe yoyamba anaikwera ndi mphamvu ya mkwiyo. Yachiwiri anatseka maso n'kuitenga ngati njerwa. Yachitatu inawatengera nthawi yaitali, mpweya ukulira m'chifuwa, koma anaima pamwamba pake ndi miyendo yonse iwiri. Pa yachinayi anaika mwendo wabwino n'kukankha. Wodwalawo sunachoke pansi. Anayesanso, unanyamuka pang'ono n'kubwerera. Kachitatu thupi lonse linagwedezeka, ndodo inaterereka, ndipo anadzipotokola n'kukhala pansi asanagwe. Chisamba anathamanga atatambasula manja.

"Usandigwire," anatero a Levulo.

Anali atalephera, ndipo onse atatu anadziwa. Khoma silinaname: ntchito ya masabata asanu ndi anayi inawafikitsa pomwe inayenera kuwafikitsa. A Levulo anakhala pa sitepe yachitatuyo akupuma mwabefu, maso ali pa sitepe yomwe inawakana. Inali pachigongono pawo penipeni. Njerwa zitatu, zowongoka bwino, majoini oyera, ntchito ya manja awo. Anaiyeza ndi chikhatho, n'kuiyezanso.

Ndipo m'maganizo anaona mkazi wawo. Anamuona ataika dzanja pabondo, akudzikankha kukwera ndi ndowa ya madzi. Anamuona ali ndi pakati pa Mzime, akukwera chammbali. Anakumbukira kuti chaka chake chomaliza ankakonda kukhala pa sitepe yomweyi, yachitatu, akachokera kumsika, ndipo akamufunsa ankati akungoonera anthu odutsa mumsewu. Iwo ankakhulupirira, kapena ankafuna kukhulupirira. Lero anadziwa kuti kuchokera pa sitepe imeneyi msewu suoneka n'komwe, mpanda umatchinga. Chisoni ndi manyazi zinawagwira nthawi imodzi.

Kenako anauza Mzime kuti akatenge hamala ndi tchizulo m'bokosi la zida. Chisamba anafunsa kuti n'zachiyani.

"Masitepe awa ndi olakwika," anatero a Levulo. "Anamanga ndi chitsiru cha miyendo yaitali. Pakufunika asanu ndi atatu, a njerwa ziwiriziwiri."

Chisamba anati kumeneko ndi kubera, sikusiyana ndi njerwa za Mzime zija. Anapangana masitepe asanu, ndipo Bambo akwera atatu.

"Ndakwera atatu, sindikukana. Sindikupempha kuti uwerenge anayi." Analandira hamala kwa Mzime. "Kubera ndi kujambula chinthu chomwe palibe. Izi zilipo, ndipo zakhala zolakwika zaka zoposa makumi atatu. Mayi ako anandiuza, ine ndinkaseka. Ngati ukunditenga, undinyamule wekha anthu akuona, chifukwa ndi miyendo yanga sindichoka pano ntchito yanga ili yolakwika."

Anaika tchizulo pajoini ya sitepe yachitatu, pambali pomwe anakhala, anagwira hamala ndi dzanja lodwalalo n'kumenya. Kachidutswa ka simenti kanadumpha n'kugwera pa nsapato ya Chisamba. Anamenyanso, hamala inaphonya n'kugunda njerwa. Anaikonza m'zala n'kuikweza kachitatu, pang'onopang'ono moti aliyense ankaona kuti pa liwiro limenelo sitepe imodzi iwatengera chaka, komanso kuti chakacho ali okonzeka kuchithera pomwepo.

Chisamba anayang'ana pomwe bambo ake anakhala. Atayankhula, sanayambe ndi mawu ake a masiku onse aja.

"Amayi ankakhala pomwepo," anatero chapansipansi.

"Ndikudziwa."

Mwanayo anapita kugalimoto n'kutseka chitseko chija. Anavula jekete, analiika pa boneti, anapinda manja a malaya, n'kubwera kudzatenga hamala m'manja mwa bambo ake. A Levulo anamupatsa, koma atangoona kagwiridwe kake anamuuza kuti imeneyo si bolopeni, agwire kumapeto kwa mpini. Anamulamula ayambe ndi sitepe yapansi, njerwa azichotse zathunthu chifukwa zigwiranso ntchito, ndipo masutikesi awo awachotse pakhonde asanadetsedwe ndi fumbi. Mzime anawanyamula yekha, onse awiri dzanja limodzi, n'kukawaponya kumbuyo kwa galimoto.

Panatsala masitepe awiri kuti a Levulo afike pakhonde. Ana onse awiri anayandikira, koma anawabweza ndi diso. Anaika manja kumbuyo, anakankha ndi mwendo wabwino, n'kukwera chokhala, chambuyo, sitepe imodzi kenako inayo, buluku likukhula simenti. Mayi woyandikana nawo uja anali atasuzumira pampanda. Anamupatsa moni mwaulemu ali chikhalire, ndipo mayiyo anayankha n'kuzimiririka.

M'nyumba, Mzime anawabweretsera pensulo yofiira ija. Anati lero njerwa aigwirira ntchito mokwanira, atseke mzere. A Levulo anayang'ana mpata womwe unatsala kumapeto kwa mzere wachisanu ndi chinayi, kenako anafunsa kuti pampando paja adzukapo kangati lero. Mzime anati m'mawa ndi masana, kwatsala kwa madzulo.

"Ndiye palibe njerwa," anatero. "Koka mpando."

Panja hamala inkalira mosadziwa ntchito, kugunda kuwiri kuphonya kumodzi. A Levulo anakhala pampando, anaika mapazi bwinobwino pansi, anatseka maso mpaka anamva kulemera kwa njerwa m'manja, n'kudzuka.

"Kamodzi," anatero Mzime.